Kudzutsa MGB Yakale: Yambani ndi Chitsulo, Injini Ibwere Pambuyo

Munthu akapeza galimoto ya MGB itakhala kuseri kwa galaja kwa zaka 20, matayala ataphwa, denga lake lansalu litang'ambika, chinthu choyamba chimene amafuna kudziwa n'chakuti injini ikulira kapena ayi. Funso limeneli si limene liyenera kutsogola. Injini ya MGB ndi yapafupi kukonza, ndipo makaniko aliyense amene anaphunzira ntchito pa galimoto za kabuleta angathe kuimasula n'kuimanganso popanda kukanda mutu. Chimene chimadya ndalama, nthawi ndi mtima wa munthu ndi thupi la galimotoyo, makamaka zitsulo zobisika za pansi pa zitseko. Amene wamvetsa zimenezi asanatulutse ndalama ndiye amamaliza ntchito, pomwe ambiri amene sanazimvetse amathera pogulitsa galimoto ili m'makatoni.

MGB inkapangidwa m'tauni ya Abingdon ku England kuyambira mu 1962 mpaka mu 1980, ndipo zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 500,000. Ntchito yoikonza inatsogoleredwa ndi Syd Enever, pomwe Don Hayter ndi amene anajambula maonekedwe ake. Ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu, ina ya denga lansalu lotsitsa, ina ya denga lachitsulo yotchedwa GT, imene inatuluka mu 1965 kampani ya Pininfarina ya ku Italy itathandiza kukonza kalembedwe ka dengalo. Chifukwa chimene galimotoyi ili yabwino kwa munthu amene akuyamba kumene ntchito yotere n'chakuti pafupifupi chipangizo chake chilichonse chikupangidwabe mpaka lero. Makampani monga Moss Europe ndi Rimmer Bros amagulitsa kuyambira kabauti mpaka chitseko chathunthu, ndipo kampani ya British Motor Heritage, yomwe ili ku Witney, inayamba mu 1988 kupanganso mathupi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zakale zomwe zija.

Dziwani kaye chaka chake

MGB ya 1964 ndi ya 1978 n'zosiyana kwambiri ngakhale dzina ndi limodzi, choncho musanaitanitse chipangizo chilichonse werengani nambala ya galimoto ndi nambala ya injini, chifukwa pa zaka zonsezi galimoto zambiri zinaikidwamo injini za zinzake. Injini zonse za masilinda anayi ndi za 1798cc, koma zoyambirira zinali ndi mabeling'i akuluakulu atatu pa crankshaft, ndipo kuyambira chakumapeto kwa 1964 anakhala asanu. Mu 1967 anasintha giyabokosi kuti giya yoyamba nayonso izilowa galimoto ikuyenda popanda kukukuta mano, anachotsa dayinamo n'kuika alitaneta, komanso anatembenuza magetsi. Pa galimoto zopangidwa chaka chimenechi chisanafike, mutu wa batire wa pozitivu ndi umene unkalumikizidwa ku thupi la galimoto, ndipo amene alumikiza batire mwachizolowezi cha masiku ano pa galimoto yotere, kapena kuikamo wailesi yamakono, amaona utsi.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1974 chifukwa cha malamulo a ku America, kumene MGB zambiri zinkagulitsidwa. Mabampala onyezimira anachotsedwa, m'malo mwake munabwera akuda, akuluakulu ndi olemera, ndipo galimoto anaikwezako m'mwamba. Okonda MGB ambiri amanyoza galimoto za mabampala akudazi, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wotsikirapo. Ine sindizinyoza. Kwa munthu amene azidzayenda m'misewu ya maenje ndi mahampu, kukwera kumene a ku England amadandaula nako n'kumene kumapulumutsa paipi ya utsi. Zimene muyenera kusamala nazo ndi zochokera ku America kwenikweniko, chifukwa chiwongolero chake chili kumanzere, ndipo za kuyambira mu 1975 zili ndi kabuleta imodzi yokha imene inachepetsa mphamvu ya injini kwambiri.

Kufufuza dzimbiri musanagule

MGB ilibe tchasisi chapadera monga cha lole kapena cha Land Rover, chimene thupi limangokhalapo pamwamba. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse, ndipo mphamvu yake yagona pa mitanda iwiri yachitsulo imene imadutsa pansi pa zitseko, kuchokera kuseri kwa tayala la kutsogolo mpaka kutsogolo kwa tayala la kumbuyo. Amisiri a ku Britain amaitcha sill. Mtanda uliwonse ndi bokosi lalitali la zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi: chakunja chimene chimaoneka, chapakati chimene chimaima chilili ngati khoma, chamkati cha mbali ya kapeti, ndi chapansi chimene chimatseka bokosilo. Pa galimoto ya denga lansalu palibe china chimene chimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti zisapindikire pakati, kupatula mitanda imeneyi ndi msana umene giyabokosi imadutsamo.

Vuto n'lakuti dzimbiri limayambira mkati. Madzi ndi matope zimalowa kuseri kwa tayala la kutsogolo, timabowo totulutsira madzi timatsekeka, ndipo chitsulo chapakati chimatha kudyeka chonse pomwe kunja penti akung'anima. Pitani kukaona galimoto mutatenga tochi, maginito ndi sikuludiraiva. Maginito akakana kugwira pa chitsulo, ndiye kuti pansi pa penti pali phala la bodefila lochindikala, ngakhale muyenera kukumbukira kuti boneti ya galimoto za zaka zoyambirira ndi ya aluminiyamu ndipo maginito sagwirapo n'kale. Gonani pansi, gogodani chitsulo chapansi pa mtanda utali wake wonse, ndipo pamene pakumveka mawu ofewa ngati a katoni kanikizani ndi sikuludiraiva, mwini galimoto atavomera. Kenako yang'anani mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi. Uyenera kukhala wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati wapanikizika pamwamba, galimoto yayamba kale kugwa pakati. Njira ina yodalirika ndi kuikweza ndi jeke pa malo ake oikapo jeke n'kumayang'ana mpata womwewo, chifukwa ukasuntha, kapena chitseko chikakana kutseguka, ndiye kuti mtandawo unatha.

Chenjerani ndi galimoto imene wina anangovindikira mtanda wowola ndi chitsulo chatsopano pamwamba. Imaoneka bwino kuposa yobooka, koma ndi yoipa kuposa yobookayo, popeza yobooka sinamiza munthu. Malo ena oyenera kuona ndi pansi poponda mapazi, mabokosi a mabatire kuseri kwa mipando, malo amene masipuling'i a kumbuyo amamangidwa ku thupi, pansi pa buti, ndi pamwamba pa madigadi a kutsogolo chamkati pamene matope amaunjikana. Thanki ya petulo imawola pamwamba, pamene imagundana ndi pansi pa buti, motero fungo la petulo m'buti ndi chizindikiro chokwanira. Mng'alu waung'ono pa chitseko, pafupi ndi kagalasi ka makona atatu, umapezeka pa MGB zambiri ndipo usakuopseni. Mukapeza kuti mitanda yonse iwiri, pansi ponse ndi malo a masipuling'i zonse zatha, khalani pansi muwerengetsere, chifukwa nthawi zina kugula thupi latsopano kapena kufuna galimoto ina kumatsika mtengo kusiyana ndi kulipira wowotcherera miyezi yambiri.

Kumasula

Ngati galimoto ingathe kulira ndi kuyenda, iyendetseni pang'ono pa malo otetezeka musanamasule chilichonse, kuti mudziwe ngati magiya onse akulowa ndiponso ngati kumbuyo kukumveka phokoso. Mukamamasula, jambulani zithunzi ndi foni musanachotse chinthu komanso mutachotsa, ikani mabauti a chinthu chilichonse m'kajumbo kakekake, ndipo lembanipo dzina ndi cholembera chosafufutika. Musataye kanthu kufikira ntchito itatha, ngakhale chimene chikuoneka chakutha, chifukwa zipangizo zina zatsopano sizikwana bwino ngati zakale ndipo mudzafuna chofanizira. Mabauti a MGB anayezedwa m'mainchi, osati m'mamilimita, choncho gulani masipanala a 7/16, 1/2, 9/16 ndi 5/8. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa nati ya 1/2, koma ndi imene imakulungiza mitu ya mabauti. Injini ndi giyabokosi n'kwapafupi kuzitulutsa zili zolumikizana. Musalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yekha kapena pa njerwa, ndipo fumbi la m'mabuleki akale musalipeme ndi mpweya, popeza zipangizo za nthawi imeneyo zinkakhala ndi asibesitosi.

Kusintha mitanda

Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo dongosolo lake silifuna kudumpha. Chotsani kaye thanki ya petulo, mapaipi ake, mabatire, makapeti ndi mawaya amene akudutsa pafupi. Khazikani galimoto pa malo osalala, pa zogwiriziza zachitsulo, mosapendekeka. Zitseko musazichotse, chifukwa ndizo muyezo wanu. Konzani kaye mahinjesi ake kuti chitseko chikhale bwino mogwirizana ndi madigadi a kumbuyo, popeza china chilichonse mudzachiyeza potengera chitsekocho. Musanadule kanthu, wotchererani chitsulo cholimba chopingasa pa khomo chamkati, kuchokera ku mzati wa kutsogolo kufika ku wa kumbuyo, kuti galimoto isapindike mtanda ukachoka. Gwirani mbali imodzi mpaka ithe musanakhudze inayo. Mbali yosakhudzayo imagwira thupi komanso imakukumbutsani mmene zinthu zinalili.

Mtanda ndi wautali kuposa gawo limene limaoneka pansi pa chitseko. Mapeto ake amalowa kuseri kwa madigadi a kutsogolo ndi a kumbuyo, kotero kuti a kutsogolo muyenera kuwamasula, pakuti ndi omanga ndi mabauti, ndipo a kumbuyo muyenera kudula kachigawo kake ka m'munsi. Mmisiri amene akukulonjezani kusintha mtanda popanda kuchita zimenezi akukuuzani kuti angovindikira. Zitsulo zakale zinalumikizidwa ndi timadontho ta wedilo tambirimbiri, ndipo njira yabwino yozichotsera ndi kuboola kadontho kalikonse, osati kung'amba ndi tchizulo, chifukwa milomo ya zitsulo zotsalazo ndi imene mudzawotchererepo zatsopano. Yambirani mkati kutulukira kunja: konzani chamkati ndi m'mphepete mwa pansi poponda mapazi, ikani chapansi pamodzi ndi malo a jeke, kenako chapakati, ndipo chakunja chikhale chomaliza.

Musawotcherere chinthu chilichonse kotheratu pa ulendo woyamba. Gwirizitsani zidutswa zonse ndi zopanira kapena timasikuluwu, bwezeranipo madigadi mongoyesera, tsekani chitseko, yang'anani mipata, masulani, sunthani pang'ono, yesaninso. Pamatha tsiku lonse pa kuyesa kokhaku, ndipo si tsiku lotayika. Mipata ikafanana, boolani timabowo m'milomo ya chitsulo chatsopano motalikirana masentimita awiri kapena atatu, n'kudzaza bowo lililonse ndi wedilo mpaka agwire chitsulo cha kuseri. Muzidumphadumpha, apa kadontho, uko kadontho, kuti kutentha kusaunjikane malo amodzi n'kupinda chitsulo. Makina oyenera ndi a MIG, amene amawotcherera ndi waya wopyapyala m'malo mwa ndodo. Makina a ndodo amene amisiri amawotcherera nawo mageti ndi mafelemu a mawindo ndi amphamvu kwambiri pa chitsulo chopyapyala chotere, amangochiboola, ndipo moto wa gasi umatenthetsa malo aakulu mpaka chitseko chimene chinali chosalala chimasanduka mafunde. Ngati wowotcherera wanu sanagwirepo ntchito pa thupi la galimoto, mupatseni kaye zidutswa zakale ayeserepo inu mukuona.

Mkati mwa bokosi simudzafikamonso likatsekedwa, choncho pakani milomo yonse pulaima wa zinki amene amalola kuwotcherera, ndipo kwina konse pakani penti musanatseke. Penti wa galimoto yonse akatha, popererani phula loteteza dzimbiri, monga la Waxoyl kapena Dinitrol, m'mitanda, m'zitseko ndi m'mabokosi ena onse, kenako onetsetsani kuti timabowo totulutsa madzi tatseguka. Phulali limayaka moto, n'chifukwa chake limabwera kuwotcherera konse kutatha.

Za penti sindinena zambiri, chifukwa ndi ntchito imene ndi bwino kuipereka kwa mmisiri wake. Chanu n'kuonetsetsa kuti penti wakale wachoka mpaka chitsulo chaoneka, kuti pulaima wa epoxy wapakidwa tsiku lomwelo chinyezi chisanagwire, ndiponso kuti bodefila akungosalaza timakwinya osati kutseka mabowo. Kupopera mchenga n'kwabwino pansi pa galimoto ndi malo a injini, koma pa zitseko ndi boneti kumapinda chitsulo. Penti wamakono wosakaniza ndi mankhwala oumitsa ali ndi poizoni amene amawononga mapapo, ndipo kansalu kakumphuno sikateteza.

Miyendo ndi mabuleki

Thupi likauma, yambani ndi zimene zimaimitsa galimoto. MGB ili ndi mabuleki a disiki kutsogolo ndi a diramu kumbuyo. Pa galimoto imene yakhala nthawi yaitali, sinthani mapaipi onse arabala, masilinda a matayala a kumbuyo ndi marabala a mkati mwa pampu yaikulu, osayang'ana n'komwe ngati akuoneka abwino. Mapaipi achitsulo amene achita dzimbiri asinthidwenso. Mafuta a mabuleki a DOT 4 ndi okwanira. Zina mwa galimoto zimenezi, makamaka za zaka zoyambirira, zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi amasiya kugwira, ndipo chimene chimatsala ndi handibuleki basi.

Miyendo ya kutsogolo imazungulira pa chitsulo choimirira chotchedwa kingpin, chimene chimafuna girizi kawirikawiri, ndipo eni ake ambiri ozolowera galimoto zamakono sankadziwa n'komwe kuti pali timilomo tothirira girizi. Kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi, ligwedezeni wina ataponda buleki. Likamasewerabe, kingpin yatha. Mashokapu ake si a mtundu wa paipi umene tinazolowera, koma ndi timabokosi ta oyilo tokhala ndi mkono, ndipo kutsogolo mkono umenewo ndi umenenso umagwira mwendo pamwamba. Akamadontha, asintheni awiriawiri. Ngati galimoto ili ndi mawilo a masipoko, yang'anani mano a pakati pamene wilo limalowa, chifukwa akasongoka ngati mpeni wilo limatha kuzungulira lokha mukaponda buleki. Matayala akale tayani ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano.

Injini

Musathamangire kuimasula yonse. Yezani kaye mphamvu ya mpweya m'masilinda onse anayi, ndipo ngati manambala ake akuyandikana, osasiyana kupitirira 10 pa 100 alionse, injiniyo ili ndi moyo. Chachiwiri ndi geji ya oyilo, imene MGB ili nayo pa dashibodi. Injini ikatentha bwino ndipo ikuthamanga, muvi uyenera kukhala pakati pa 50 ndi 80 psi. Ukamatsika kwambiri, kapena mukamamva kugogoda kolemera pansi, mabeling'i atha ndipo ovaholo ndi yosapeweka. Mutu wa injini umakonda kung'aluka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, choncho mukauchotsa upititseni kukayezedwa. Pa ulendo womwewo uzani amisiri aikemo mipando yolimba ya mavalavu otulutsa utsi, chifukwa injiniyi inapangidwira petulo wa mtovu amene sagulitsidwanso, ndipo popanda mtovuwo mavalavu amadya chitsulo cha mutu pang'onopang'ono, makamaka pa maulendo ataliatali othamanga. Injini ikakhala kunja, sinthiranitu kilatchi yonse, popeza simungaifike popanda kutulutsanso injini.

Manambala oyenera kulemba pa khoma la galaja ndi ochepa. Moto umayaka motsatana 1, 3, 4, 2. Mpata wa mavalavu ndi 0.015 ya inchi injini itazizira, koma onani buku la chaka chanu popeza injini zina za kumapeto zimasiyanako. Mpata wa mapointi ndi 0.015 ndipo wa mapulagi ndi 0.025. Oyilo ndi 20W-50, ndipo womwewo ndi amene amathiridwa m'giyabokosi. Oyilo wolemera wa EP90 ndi wa mu difu, osati m'giyabokosi. Akalowa m'giyabokosi ya overdrive, yomwe ili ndi giya yowonjezera ya maulendo aatali, amaisokoneza.

Makabuleta awiri a SU ali ndi mbiri yoti ndi ovuta, koma nthawi zambiri amanamiziridwa mlandu wa ena. Tcherani kaye mavalavu ndi nthawi ya moto, ndipo makabuleta akhale omaliza. Onani ngati kamtengo kachitsulo kotsegula mpweya sikakugwedera m'mabowo ake, chifukwa kakatha kamalowetsa mpweya wakuba ndipo injini singakhazikike ngakhale mutatchera motani. Thirani oyilo pang'ono m'kachitsime ka pamwamba pa kabuleta iliyonse. Kuti muwafananize, masulani cholumikizira chake, ikani kapaipi kukhutu, mvetserani kulira kwa mpweya pakamwa pa iliyonse, n'kutembenuza masikuluwu mpaka mawu afanane.

Petulo wa masiku ano amafuna kumuganizira mwapadera. Ku Britain petulo wamba wakhala ndi ethanol wofika 10 pa 100 alionse kuyambira mu 2021, ndipo ku Malawi kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kunayamba kale mu 1982. Ethanol amadya rabala wakale, amayamwa chinyezi, komanso amasungunula zinyalala zimene zinamatirira m'thanki n'kuzipititsa ku kabuleta. Sinthani mapaipi onse a petulo ndi olembedwa kuti R9, ikani sefa yatsopano, ndipo musasiye petulo m'thanki miyezi yambiri galimoto ili chiimire. Chitsulo chotchinga kutentha chimene chili pakati pa makabuleta ndi paipi ya utsi chikhalepo ndithu, chifukwa m'nyengo ya October petulo amawira m'kabuleta galimoto ikaima pa mzere. Redieta ipite kukatsukidwa mkati kapena kuikidwa zisa zatsopano.

Magetsi a kampani ya Lucas amasekedwa padziko lonse, koma mawaya ake ali ndi dongosolo losavuta kuloweza. Wabulauni amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo alibe fyuzi, woyera amalandira moto kiyi akatembenuzidwa, wobiriwira ndi wa kiyi koma wodutsa pa fyuzi, wapepo ndi wa moto wa nthawi zonse wodutsa pa fyuzi, wofiira ndi wa nyali zazing'ono, wabuluu ndi wa nyali zikuluzikulu, ndipo wakuda ndi wopita ku thupi. Mavuto ambiri amachokera m'timalumikizidwe tochita dzimbiri. Ngati mawaya auma kapena eni ake akale anawadulaladula, gulani mtolo watsopano wathunthu, chifukwa kuuika galimoto ili yopanda kanthu ndi ntchito ya masiku awiri okha. Galimoto za 1974 isanafike zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6, ndipo n'zololeka kuika limodzi la mavoti 12 m'bokosi limodzi.

Zoyenera kusintha ndi zoyenera kusiya

Langizo langa n'lakuti muiyendetse kaye mmene inapangidwira kwa miyezi ingapo. Anthu ambiri amene amati MGB ndi yaulesi kapena yogwedera anayendetsa yakutha, ndipo amagula zipangizo zodula pofuna kuchiza matenda amene mabushi atsopano akanachiza. Zosintha zoyambirira zikhale zosaoneka ndiponso zotheka kubwezera. Chotsani mapointi muike kachipangizo kamagetsi kolowa m'malo mwake, koma mapointiwo muziyenda nawo m'buti. Ikani marilee pa nyali zikuluzikulu kuti moto wambiri usamadutse pa switchi yakale, ndipo onjezani fyuzi pa waya wa pampu ya petulo. Fani yamagetsi imathandiza m'tauni. Mabushi a polyurethane amakhalitsa kuposa arabala, ndipo chitsulo chochindikalirapo choletsa kupendama pokhota chimathandiza kwambiri galimoto za mabampala akuda za 1975 ndi 1976, zimene zimapendama kuposa zinzake zonse. Kuitsitsa pansi ndi masipuling'i aafupi n'kotheka, koma yezani kaye hampu ya pa msewu wa kwanu.

Pa maulendo aatali, chimene chimasintha galimotoyi kwambiri si mphamvu koma giya. Ya magiya anayi okha imalira kwambiri pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Yankho la fakitale linali overdrive ya Laycock, imene imalowa ndi switchi pa giya yachitatu ndi yachinayi, ndipo giyabokosi yotere mukaipeza ya chaka chogwirizana ndi galimoto yanu musaisiye. Ena amaika giyabokosi ya magiya asanu ya Ford Sierra kapena ya Mazda MX-5, ndipo zolumikizira zake zimagulitsidwa zokonzeratu. Pa injini, kusalaza njira za mpweya m'mutu, kuika paipi ya utsi yopuma bwino ndi camshaft yothamangirapo pang'ono kumapereka mphamvu yomveka popanda kuwononga khalidwe lake, ndipo pa ovaholo masilinda angathe kukulitsidwa mpaka 1950cc. Kabuleta ya Weber imalira mokoma, koma pa msewu wamba sindinaone chimene imachita choposa ma SU otcheredwa bwino, kupatula kumwa petulo.

Kuika injini ya V8 ya Rover ndi loto la ambiri, ndipo si maganizo achilendo. Ken Costello anayamba kuchita zimenezi payekha, kenako fakitale inapanga MGB GT V8 kuyambira mu 1973 mpaka mu 1976, zokwana 2,591. Injiniyi, ya 3528cc, inachokera ku Buick ndipo ndi ya aluminiyamu, kotero kuti silemera kuposa ya masilinda anayi ija, ndipo m'bale wake amapezeka mu Range Rover zakale. Imalowa mosavuta m'galimoto za mabampala akuda, makamaka za kuyambira mu 1977 zimene redieta yake inasunthidwira kutsogolo, pomwe za mabampala onyezimira zimafuna kudula ndi kuumbanso zitsulo za malo a injini. Koma injini yokha si mapeto a nkhani. Pamafunika giyabokosi yolimba ya Rover, mano ena a mu difu, poti ya V8 inali 3.07 pomwe yamba ndi 3.9, redieta yaikulu, mabuleki amphamvu, ndi mitanda imene mukuidziwa mkati mwake. Nambala ya injini yatsopano iyeneranso kulembetsedwa ku ofesi yoona za pamsewu ndi ku inshuwalansi, ndipo amene ali ku Britain adziwe kuti galimoto ya zaka zoposa 40 ingathe kutaya ufulu wosapita kukayezedwa chaka ndi chaka (MOT) ikasinthidwa kwambiri. MGB yoyambirira ya zogwirira zitseko zokoka, imene ili ndi injini yake yobadwa nayo, imeneyo isiyeni mmene ilili, mukafune ina ya mabampala akuda yoti muziseweretsa.

Tsiku loliza injini koyamba, chotsani mapulagi, zungulitsani ndi sitata mpaka geji ya oyilo inyamuke, kenako bwezerani mapulagi n'kuiliza, chozimitsira moto chili pafupi. Ngati camshaft ndi yatsopano, musaisiye ikulira pang'onopang'ono, koma igwireni izizungulira maulendo 2,000 mpaka 2,500 pa mphindi (rpm) kwa mphindi 20. Ulendo woyamba ukhale wozungulira pafupi ndi nyumba, ndipo mukabwerera gwirani wilo lililonse kuti mumve ngati buleki ikumatirira. Pa makilomita 800 oyambirira musaikakamize pa chitunda ndi giya yaikulu, ndipo mukawakwanitsa sinthani oyilo ndi sefa yake, mangitsaninso manati a mutu pa 45 mpaka 50 lb ft motsata dongosolo la m'buku, tcheraninso mavalavu, kenako lowani pansi ndi sipanala muyese nati iliyonse ya miyendo ndi chiwongolero.